Chithunzi cha Wophika Buledi M'thumba la Yunifolomu Yanga

Nyumba yathu ya ku Smethwick, ku Mangalande, inali ya mumzere, zija zogundizana makoma zoti mnzako wa khomo linalo akatsokomola umamva. Tinkakhalamo anthu anayi: ine, bambo a kunyumba ndi ana athu awiri. Ine ndinabwera kudzagwira ntchito ya unamwino, enawo anabwera pa mapepala anga. Khomo la kumanzere linkasinthasintha anthu, chifukwa nyumbayo ankaikamo othawa kwawo amene akudikira kuti boma liwayankhe. Ena ankakhala miyezi itatu, ena chaka, moti ndinali nditasiya kuwazolowera. M'chaka cha 2005 munalowa mayi wina wa ku Iraq ndi kamtsikana kake kakang'ono.

Tinadziwana pa chingwe choyanikira zovala. Kuseri kwa nyumba zimenezi kuli timabwalo tolekanitsidwa ndi mpanda wa matabwa wolekeza m'chifuwa, ndipo dzuwa la ku Mangalande likangosuzumira, mayi aliyense amathamangira panja ndi beseni. Kwawo anali mphunzitsi wa ku pulayimale, choncho Chingerezi ankayankhula, pang'onopang'ono koma chomveka. Anali wamng'ono kwa ine, woonda, wa maso osakhazikika. Ndege ikamadutsa ankasiya kuyankhula mpaka phokoso lithe. Ine ndine wolongolola, bambo a kunyumba amati ndingathe kucheza ngakhale ndi polo ya magetsi, ndiye sipanatenge nthawi tinayamba kupatsirana anyezi ndi mapegi pamwamba pa mpanda.

Za nkhondo ya kwawo ndinkangodziwa za pa TV, ndipo ndinkayesa kuti nkhondo ikatha ndiye kuti yatha. Iye ndiye anandiuza kuti mabomba atasiya kugwa asilikali a maiko akunja sanachoke, ndipo moyo wowawa unayambira pamenepo. Sankafotokoza mondondoza. Lero ankatha kutchula za mipopi yotuluka mpweya wokhawokha, mawa za mchimwene wake amene ankagona masiku awiri pa mzere wa petulo m'dziko lokumba mafuta. Atanena za magetsi oyaka maola awiri n'kuzima, ine ndi kamwa langali ndinaseka, n'kumuuza kuti za magetsi asandiuze ine, kwathu tinakulira momwemo. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kwanuko magetsi akazima, kumabwera anthu a mfuti kudzathyola chitseko?" Ndinawerama n'kupitiriza kuyanika.

Kunyumba kwawo asilikaliwo anabwerako kawiri. Analowa ndi agalu, nsapato zili kuphazi, kuponda pa mkeka wopemphererapo, kukhuthula masutikesi ndi matumba a mpunga. Apongozi ake aamuna, munthu wokalamba, anawagoneka chafufumimba pabwalo zidzukulu zikuona. Mayiyu anati Chingerezi chonse chimene ankachidziwa chinamuthawa tsiku limenelo, anangoima atakweza manja ngati mwana wolakwa m'kalasi. Pamsewu, galimoto za asilikali zikamadutsa aliyense ankaima kutali, chifukwa woyandikira ankatha kuwomberedwa, kaya wanyamula matimati kaya mayi woti akachire. Dzuwa likalowa panalibe wololedwa kuyenda. Kusukulu kwake ana ankachepa sabata ndi sabata, mpaka m'kalasi mwake munatsala mabenchi okha.

Za mwamuna wake anandiuza patapita miyezi iwiri. Anali wophika buledi. Wophika buledi amadzuka anthu ali m'tulo kuti akayatse uvuni, kaya kuli lamulo loletsa kuyenda kaya kulibe, apo ayi mudzi wonse ugona ndi njala. Tsiku lina m'bandakucha kunaphulika bomba pafupi ndi msewu umene ankadutsa, ndipo asilikali anatola mwamuna aliyense amene anamupeza panja. Anthu anamuona akumukweza m'galimoto. Ufa umene anakanda dzulo lake anakaupeza utafufuma mpaka kusefukira pansi.

Kuyambira pamenepo mayiyu ankapita pa geti la msasa wa asilikali m'mawa uliwonse, pamodzi ndi amayi ena ambiri, aliyense atakweza chithunzi cha munthu wake. Womasulira wobisa nkhope ankatuluka ndi pepala, n'kuwerenga maina, n'kunena kuti otsalanu bwerani mawa. Nthawi zina ankawauza kuti akayese ku msasa wina, wa asilikali a dziko lina. Anayenda choncho miyezi yambiri, mpaka anthu a m'dera lake anayamba kunong'onezana kuti mphunzitsi wodziwa Chingereziyu amakatani kwa adani tsiku ndi tsiku. Kenako anapeza envelopu pansi pa chitseko, muli chipolopolo. Anathawa ndi mwana ndi kachikwama ka m'manja, ndipo mwa zithunzi zonse za mwamuna wake chinapulumuka chimodzi, cha pa geti chija.

Tsono ine ndinkagwira ntchito pa chipatala chachikulu cha mu Birmingham, ulendo wa mabasi awiri kuchokera ku Cape Hill, pafupi ndi nyumba yathu, m'wodi imene ankagonekamo ena mwa asilikali ovulala ku nkhondo yomweyo. Sindinabise. Atandifunsa, ndinayankha monyadira ndithu, ngati ndikunena kuti ndimagwira ku banki.

Loweruka lotsatira masana anagogoda pa khomo lathu la kumaso, chinthu chimene anali asanachitepo. Anavala bwino, atanyamula mbale ya buledi wopyapyala wa kwawo. Ndinamulowetsa pa balaza, ndinathira tiyi. Iye sanamwe. Anatulutsa kampango koyera kopindapinda, n'kukatambasula pa maondo pake, ndipo munali chithunzi chija.

"Mchemwali," anatero, "inu mumawagwira ndi manja anu anthu amene ine sindinkatha kuwayandikira. Ine ankandiimika kutali, kuseri kwa waya. Tengani ichi, mukawaonetse mmodzimmodzi. Mwina wina anamuona. Ndingodziwa msasa wake basi, kapena ngati ali moyo."

Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti n'zosatheka. Namwino sangazungulire m'wodi ndi chithunzi n'kumafunsa odwala kuti munthu uyu munamupititsa kuti. Ntchito ikhoza kutha tsiku lomwelo, komanso ndi nkhanza kwa munthu amene wagona pa bedi wopanda mwendo. Zonsezi zinali m'mutu mwanga bwinobwino. Koma kwathu sitinaleredwe kukana munthu wachisoni pamaso pake, makamaka ali m'nyumba mwako, atabwera ndi mbale. Umalandira kaye. Pambuyo pake umatuma azakhali kapena mayi wamkulu wa ku mpingo kuti akabweze chinthucho ndi mawu ofewa, ndipo palibe amene amachita manyazi. Manja anga anatambasuka okha, onse awiri, bondo n'kupindika pang'ono monga anandiphunzitsira mayi anga. Sindinanene kuti inde, sindinanenenso kuti ayi. Kwathu aliyense akanadziwa kuti nkhaniyo sinathe. Iye anaona manja awiri akulandira, ndipo anandipsompsona pa mphumi.

Atatuluka, bambo a kunyumba amene ankamvetsera ali kukhitchini analowa akupukusa mutu.

"Mayi a mwana, mwapanga chiyani? Mukakangoyamba kuonetsa mapeshenti zimenezi akusasipendani, ndipo viza ya tonse m'nyumba muno ili pa inu. Kabwezeni pompano."

"Ndikabweze ndekha? Munthu wangotuluka kumene, tiyi wake sanazizire n'komwe."

"Ndiye mutuma ndani? Kuno si ku Dedza."

Apo ananena zoona, ngakhale sindinawavomereze. Panalibe wotuma. Iwowo, munthu wamwamuna, sakanakagogoda pa khomo la mayi wachisilamu wokhala yekha. Lamulungu ku tchalitchi ndinakokera pambali mayi wina wachikulire wa kwathu, namwino mnzanga, koma anangoti, "Ine ndili ndi mashifiti anayi olondolana, komanso munthuyo sindimudziwa. Ingomuuzani sitireti, kuno anthu amatero." Kunena n'kosavuta. Ndinaika kampango kaja m'thumba la yunifolomu, mmene mumakhala sizasi ndi bolopeni, n'kudziuza kuti ndibweza mawa.

Mawalo linakhala masabata asanu ndi awiri. Ndinkayenda nacho chithunzicho tsiku lililonse, pochapa yunifolomu n'kuchisamutsira mu ina, osatambasula kampangoko. Mayiyu anaphunzira nthawi ya basi yanga. Ndikamakhota pa kona ya msewu wathu ndinkaona katani ya pa windo lake itakokedwa pang'ono, ndipo ndisanapeze makiyi anali ataima kale pakhomo, osafunsa kanthu, kungondiyang'ana. Masiku oyamba ndinkati wodi inali yotanganidwa. Kenako ndinayamba kutsika basi pa siteji yotsatira n'kubwerera wapansi, kudzera kanjira ka kuseri kotulutsira mabini, ndikuwerama pansi pa mpanda ngati wakuba nkhuku, pakhomo panga pomwe. Zovala ndinasiya kuyanika panja. Ndinkazipachika pa zotenthetsera nyumba ndi pa mipando, dzuwa likuwala panja, nyumba yonse n'kumanunkha chinyontho. Ana anandifunsa m'Chingerezi chawocho kuti bwanji sakuloledwanso kusewera kuseri, ndipo ndinawakalipira popanda chifukwa.

Tsiku lina mayiyu anandipeza ndikutulutsa bini, ndipo ndinasowa kolowera. Bodza linangotuluka lokha. Ndinati ndafunsa awiri, onse akuti sanamuone. Ndinkayesa kuti akhumudwa n'kundiuza kuti ndimubwezere chithunzi chake. M'malo mwake nkhope yake inawala. Anafuna kudziwa kuti awiriwo anali ku mzinda uti, anakhalako miyezi iti, anachiyang'ana nthawi yaitali bwanji. Ndinayankha zonsezo, ine mayi wa mu kwaya, ndikupeka asilikali pambali pa bini. Madzulo ake anatumiza buledi wina wotentha pamwamba pa mpanda. Ana ndi bambo awo anadya, ine sindinanyemeko n'komwe.

Mtima wanga sunkakhala malo amodzi masiku amenewo. Ndinali ngati nkhuku yofuna kuikira, kulowa m'chipinda n'kutulukamo osadziwa chimene ndimafuna. Ku ntchito ndinkasambitsa anyamata a zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, makumi awiri, ena opanda miyendo, ena opsa nkhope, oitana amayi awo mankhwala oletsa ululu akamatha mphamvu. Ndinkawakonda, ndinene zoona, anali ngati achimwene anga aang'ono. Koma ndikamamanga bala ndinkapezeka ndikuganiza kuti kodi phazi latsalali ndi limene linaponda mkeka uja? Ndikafika kunyumba n'kuona katani ija, mkwiyo unkatembenukira kwa iye: anandisenzetseranji katundu ameneyu, ine ndinayambitsa nkhondo? Ndinkakwiyira onse, ndipo kwenikweni ndinkadzikwiyira ndekha.

M'sabata yachisanu ndi chiwiri, Lachisanu, ndinali kusintha bandeji ya mnyamata wa pa bedi ya pa windo. Anali wa kumpoto kwa Mangalande, wodulidwa mwendo wa kumanja m'munsi mwa bondo, wanthabwala kwambiri, woti ankanditcha sajeni chifukwa ndinkamukakamiza kumaliza phala. Ndikusolola sizasi m'thumba, kampango kanatulukira limodzi n'kugwera pa bulangeti, chithunzi n'kutsetserekera pafupi ndi dzanja lake. Anachitola ndisanachigwire.

"Amuna anu awa, sajeni?" anafunsa akuseka. Kenako anachiyang'anitsitsa, ndipo kuseka kunatha. Anadziwa zovala za munthuyo ndi khoma la kumbuyo kwake kuti ndi za kuti.

Ndikanatha kunama kachiwiri, koma ndinali nditatopa. Ndinamuuza mwachidule za mayi wa khomo la kumanzere, za uvuni, za bomba la m'bandakucha. Ndinapepesa, n'kunena kuti sakuyenera kuyankha chilichonse. Anachiyang'ananso chithunzicho.

"Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti inde kapena ayi," anatero potsiriza. "Kumene ndinali ine, anthu ogwidwa ankabwera ataphimbidwa kumaso, mitu ili pansi. Ntchito yanga inali kuyang'ana manja, kuti asagwire kanthu, ndi kuwamanga. Manja ndiye ndinaona ambiri. Nkhope sindinaone ngakhale imodzi."

Anandibwezera chithunzicho n'kupempha kuti ndimutsekere katani ya pa bedi. Nkhomaliro sanadye tsiku limenelo. Ndinadziwa kuti ndamupweteka munthu amene ndinayenera kumuchiza, ndipo ndinapita kuchimbudzi kukalira pang'ono n'kubwerera kudzagawa mankhwala.

Madzulo ndinatsika pa siteji yeniyeni, dzuwa likadalipo, n'kukagogoda pa khomo la mayi uja ndisanalowe kwanga. Sindinakhale pansi. Ndinamuuza kuti asilikali awiri aja kunalibe, ndinawapeka. Ndinamuuza kuti kuyambira tsiku loyamba ndinkadziwa kuti sindingafunse, ndipo ndinalandira chithunzi chifukwa kwathu sitikana munthu pamaso. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kuti chifukwa chimenechi n'chopepuka bwanji m'nyumba imeneyo. Ndinamuuzanso za mnyamata wa pa windo ndi zimene ananena.

Anatenga kampango m'manja mwanga, n'kukatambasula kuti aone ngati chithunzi chili bwino. Sanakweze mawu.

"M'tauni muli ofesi ya anthu ofufuza osowa pa nkhondo," anatero. "Anandiitana mwezi watha kuti ndipite ndi chithunzi, atumize kwa anzawo amene amalowa m'misasa. Ndinawauza kuti adikire, chithunzi chili kale pafupi ndi asilikali, m'manja mwa mchemwali wanga." Anapinda kampango kaja pang'onopang'ono. "Mukanangokana. Pa geti paja ankatiuza kuti bwerani mawa. Sindinadziwe kuti inunso mukundiuza zomwezo."

Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo kwina kulikonse. Ndinatembenuka kuti ndizipita, koma anandigwira mkono.

"Mwati ankayang'ana manja?"

Ndinavomera. Ndiye anatambasula dzanja lake la kumanzere n'kuyamba kundisonyeza ndi chala. Mwamuna wake anali ndi chipsera cha moto apa, kuyambira pa mfundo ya dzanja kukwera m'mwamba, chifukwa buledi wa kwawo amamumata ndi dzanja m'kati mwa uvuni. Ubweya wa pa mkono umenewo unapserera kalekale, sunamerenso. Chikhadabo cha chala chachikulu chinang'ambika pakati ali mwana ndipo chinkamera chong'ambika chomwecho. Kachala kakang'ono kanali kopindika, sikankawongoka. Anandibwerezetsa kawiri ngati mwana wa m'kalasi mwake, mpaka ndinanena zonse osaphonya.

Ulendo uno ndinayankha ndi pakamwa. Ndinati ndikafunsa mnyamata mmodzi yekhayo, Lolemba, ngati iye mwini alola, ndipo wina aliyense sindimufunsa. Anagwedeza mutu. Loweruka ndi Lamulungu ndinali pa ofu, ndipo ndinatha masiku awiriwo ndikubwereza m'mutu chipsera, chikhadabo, kachala, ngakhale pakati pa nyimbo ku tchalitchi.

Lolemba ndinafika m'wodi nthawi isanakwane. Pa bedi ya pa windo panali munthu wina, wogona ndi machubu. Mnyamata uja anali atamusamutsa Loweruka kupita kumwera, kumene amaphunzitsa odulidwa miyendo kuyendanso. Ndinaima pamenepo ndi mafunso anga atatu mpaka mnzanga wina anandifunsa ngati ndadwala. Kumulondola sikukanatheka, ndipo sindinayese.

Mayi uja ndinamuuza madzulo omwewo, pa khomo la kumaso, mosazungulira. Anati zikomo pondiuza lero. Chithunzi anali atachipereka kale ku ofesi ija m'mawa womwewo. Tinapitiriza kuonana pa chingwe, kupatsana moni, koma buledi sanadutsenso pa mpanda, ndipo ine sindinayembekezere kuti adutse. Patapita mwezi ndi theka anawasamutsira ku mzinda wina, monga ankachitira ndi onse a m'nyumba imeneyo. Galimoto inabwera ine ndili ku ntchito. Ndinapeza mapegi anga amene anabwereka atawapanika mwa mzere pamwamba pa mpanda.

Sindinamve ngati mwamunayo anapezeka. Sindidziwa ngati masabata asanu ndi awiri aja anasintha kanthu, ndipo palibe amene angandiuze kuti sanasinthe. Bambo a kunyumba amati ndizisiye, mlandu ndi wa amene anayambitsa nkhondo. N'zoona, koma masabatawo anali m'thumba langa, osati la iwowo.

Mpaka lero ndikhoza kujambula dzanja la kumanzere la wophika buledi amene sindinamuonepo: chipsera chokwera pa mkono, chikhadabo chong'ambika, kachala kopindika. Koma mwana wanga wamkazi atakula, nditamufotokozera nkhaniyi, anandifunsa kuti bamboyo ankaoneka bwanji, anali ndi ndevu kapena ayi. Ndinatsegula pakamwa n'kupeza kuti sindikudziwa. Nkhope yake ndinayenda nayo masabata asanu ndi awiri, ndipo nanenso sindinaiyang'ane.